Kuthamanga Sikufika: Za Katchajidwe ka Mabatire a Madroni

Chiyambire chaka cha 2017, pamene boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linatsegula ku Kasungu malo oyeserapo ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, zimene tsopano tonse tikuzitchula kuti madroni, ndiponso chiyambire 2020, pamene sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe, zipangizozi zaleka kukhala zachilendo m'dziko muno, kotero kuti alipo anyamata ndi asungwana amene amadzilumikizira okha timadroni tawo ndi timagalimoto toyendetsera patali, naagula mabatire a mtundu wa LiPo kuti tiziyendera. Ntchitoyo njotamandika, ndipo sindifuna kuti mawu anga afooketse aliyense. Koma popeza batire lotere limatha m'mphindi zowerengeka pamene kulidzaza kumafuna pafupifupi ola lathunthu, mwini wake amagula anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo magetsi akangoyaka atazima tsiku lonse, mtima umamuuza kuti awalumikize onse pa bolodi limodzi lotchajira, akweze mphamvu ya tchaja kufikira pamapeto, kuti zonse zithe magetsiwo asanapitenso. Apa mpamene pagona ngozi.

Kutchaja mabatire angapo nthawi imodzi si tchimo ayi. Nkololedwa, ndipo odziwa amachita tsiku ndi tsiku popanda chovuta. Chofunika nchakuti munthu ayambe wakhala pansi nawerengera. Pa batire lililonse pamalembedwa kukula kwake mu mAh, ndipo mlingo umene amisiri amautcha 1C ndiwo mphamvu imene ingalidzaze pa ola limodzi: batire la 2200mAh lilandire 2.2A, la 1300mAh lilandire 1.3A. Mabatire akalumikizidwa pa bolodi lija, tchaja imawaona ngati batire limodzi lalikulu, motero kukula kwawo kumaphatikizidwa pamene ma volts ake sasintha. Anayi a 1300mAh amapanga 5200mAh, ndipo malire ake ndi 5.2A. Masamu ake ngomwewo, ndipo mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwatha.

Koma ine ndinena kuti 5.2A imeneyo ikhale denga, osati cholinga, ndipo chifukwa chake nchoti tchaja ilibe maso oonera batire lililonse palokha. Imangotulutsa mphamvu imene mwailamula, ndipo mabatirewo amagawana okha monga mwa thanzi lawo. Lokalamba, limene mkati mwake magetsi sayendanso bwino, limalandira pang'ono, ndipo chimene lakana chimagwera anzake. Choopsa koposa nchakuti mawaya a awiri mwa anayiwo akapanda kugwira bwino, otsalawo amasenza katundu yense, lililonse 2.6A, ndiko kuti kawiri kuposa mlingo wake, mwini wake osadziwa kanthu, pakuti manambala a pa tchaja amaoneka abwinobwino. Munthu amene waika 4A m'malo mwa 5.2A wataya mphindi zosakwana makumi awiri, koma wadzisungira mpata wakuti cholakwika chikachitika chisafike poononga.

Palinso msampha wina umene umakola ongoyamba kumene. Pa chikuto cha batire pamalembedwa ndi zilembo zazikulu 50C, 75C kapena 100C, ndipo wosadziwa amayesa kuti ndilo liwiro lotchajira, pamene nambala imeneyo ikunena za mphamvu imene batirelo lingatulutse pouluka, osati imene lingalandire. Zoonadi alipo mabatire amene opanga ake amaloleza 2C kapena kupitirira potchaja, nalemba zimenezo padera ndi tizilembo tating'ono. Komabe chilolezo chotere nchabatire latsopano lili lokha, ndipo sindiona nzeru yochitengera pa bolodi pamene pasonkhana atsopano ndi akale. Batire likakakamizidwa kulandira msanga, makamaka kukazizira monga m'mamawa wa mwezi wa June ku Dedza, lithium imaundana ngati chitsulo pamalo posayenera mkati mwa selo, ndiko kuti chigawo chimodzi cha batirelo, ndipo m'kupita kwa nthawi imatha kuboola kachikopa kopyapyala kamene kamalekanitsa mbali ziwiri za selolo. Chilondacho sichioneka kunja, ndipo moto wake ukhoza kubuka tsiku lina pamene munthu sanalakwitse chilichonse.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi, ndipo pa nkhani ino mawuwa ngoona kwathunthu, pakuti mabatire oti atchajidwe pamodzi ayenera kuyamba ali ofanana. Poyamba afanane chiwerengero cha maselo: la maselo atatu, lolembedwa 3S, lisakhudzane konse ndi la 4S. Kenaka afanane kudzaza kwake. Selo limodzi la LiPo limakhala pa 4.2V likadzaza, mlingo wake wapakati ndi 3.7V, ndipo siliyenera kutsika kupyola 3.0V. Odziwa ntchitoyi amayeza batire lililonse asanalilumikize, ndipo salola kusiyana koposa 0.1V pa selo. Taganizani migolo iwiri yamadzi, wina wodzaza wina wotsala pang'ono kuuma, mutailumikiza pansi ndi paipi yaikulu: madzi adzakhamukira mu wopanda kanthuwo ndi mphamvu yonse, ndipo palibe mpopi woti mutseke. Chomwechonso batire lodzaza limakhuthulira magetsi mwa lophwa tchaja isanayatsidwe nkomwe, ndipo mphamvu yake ikhoza kufika ma amp makumi angapo, yokwanira kusungunula timawaya ting'onoting'ono ta balance, timene tchaja imayezera selo lililonse. Nchifukwa chake waya wamkulu ndiye ayambe kulumikizidwa, kawaya ka balance pambuyo, ndipo bolodi lokhala ndi fyuzi pa malo a batire lililonse liyenera kugulidwa ngakhale mtengo wake utakwererapo.

Za kukula kwa tchaja sindichulutsa mawu. Mabatire anayi a 1300mAh aja, akakhala a 4S, pa 5.2A amafuna pafupifupi 87W, ndipo tchaja ya 50W idzangopereka pafupifupi 3A. Idzachedwa, koma kuchedwako sikupweteka munthu.

Wina anganene kuti ndikuopseza anthu ndi kanthu kolowa m'thumba la malaya. Ndimuyankha kuti makampani aakulu, okhala ndi mainjiniya ochuluka ndi ndalama zosawerengeka, anagwadapo pamaso pa kanthu komweka. Mu January 2013 ndege zonse za Boeing 787 zinaletsedwa kuuluka kwa miyezi itatu chifukwa cha mabatire a lithium amene anapsa. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 nisiyiratu kuwapanga pa chifukwa chomwecho. Mabatire amenewo anali ndi zotetezera zamagetsi mkati mwake, monganso alili a madroni ogulidwa okonzeratu. Koma batire la LiPo la wodzilumikizira yekha lilibe mlonda wina koma mwini wake. Likayamba kutentha mopitirira, kutenthako kumabala kutentha kwina, selo limayatsa linzake, ndipo pa bolodi pamene pali anayi, nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Utsi wake ngwapoizoni, ndipo m'nyumba zathu, momwe chipinda chimodzi chimakhala chogona, chosungiramo chimanga ndi chogwiriramo ntchito, moto wotere sutenga nthawi kufika kudenga.

Chotero batire lotupa, lophwanyika pogwa kapena lotentha likangochoka mu droni lisayandikire bolodi. Lotupalo ntchito yake yatha, ndipo kulimvera chisoni chifukwa linadula nkuika nyumba pachiswe. Potchajira pakhale pa simenti kapena pa njerwa, kutali ndi mphasa, matiresi ndi makatani, ndowa ya mchenga wouma ili pambali, ndipo munthu wamkulu akhalepo maso kufikira tchaja italira. Kugona kapena kupita kumsika mabatire ali pamagetsi nkusasamala kumene sindingakupezere chowiringula. Amene sagwiritsidwa ntchito sabata imeneyo asungidwe pa 3.8V pa selo, osati odzaza.

Pempho langa lipite kwa inu ogulitsa zipangizozi m'masitolo ndi pa intaneti, ndi kwa inu aphunzitsi amene mukutsogolera ana athu pa luso limeneli: musapereke bolodi lotchajira m'manja mwa wachinyamata musanamuonetse kuyeza ma volts a batire lililonse ndi kuphatikiza ma mAh ake, ndipo mulembereni malire ake pa pepala m'Chichewa chomveka, alimate pakhoma pamene amatchajira. Nanunso makolo, mukaona mabatire ambiri atalumikizidwa pamodzi m'nyumba mwanu, funsani mwana wanuyo kuti waika ma amp angati ndipo wawapeza bwanji. Akalephera kuyankha, azimitse tchajayo, atchaje limodzilimodzi kufikira ataphunzira.