NDEMANGA: Ufulu Wosindikiza Usakhale wa Lendi

Mwezi wathawu ndinapita kwathu kwa Chikweo, m'boma la Machinga, kukaona makolo. Pamsika ndinapeza mphwanga atagwira tsaya patsogolo pa kompyuta yake. Mnyamatayu ali ndi kashopu kosindikiza makadi a ukwati, masatifiketi a ku madrasa, ndondomeko za maliro ndi zikwangwani za magolosale. Tsikulo magetsi analipo, inki inalipo, mapepala analiponso. Chimene chinavuta ndi pulogalamu yokonzera masamba imene amalipira mwezi ndi mwezi. Khadi la kubanki la mnzake wa ku Liwonde, limene amalipirira, linakana kutulutsa madola, ndipo pulogalamuyo inamutsekera panja. Khadi la ukwati wa Loweruka, limene iye mwini anachezera usiku kulikonza, linali m'kompyuta yakeyake, koma sakanatha kusintha chilembo chimodzi chimene chinalakwika pa dzina la mkwatibwi. Ankhoswe anali chilili pakhomo.

Wina anganene kuti nkhani ya khadi la ukwati ndi yaing'ono, yosayenera tsamba la ndemanga m'nyuzipepala imene imalankhula za demokalase. Ine ndikuti ndi nkhani yathu ndithu, ndipo inu akuluakulu amene munabwerera kumudzi kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi Harare mukuidziwa bwino kuposa ife amene tinabadwa matipate atabwera kale.

Tiyeni tikumbutsane. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Kalata imeneyo inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a abambo a Montfort, chifukwa makina akuluakulu a ku Blantyre, amene ankatulutsa Daily Times ndi Malawi News, anali m'manja mwa eni chipani. Boma linalamula kuti kalatayo ndi youkira, ndipo pasanapite nthawi nyumba yosindikizirayo inayatsidwa moto. Oyatsawo sanali opusa. Ankadziwa kuti mawu a episkopi amathera m'tchalitchi, koma mawu a papepala amakwera basi n'kukafika kwa Chikweo. Chaka chomwecho apolisi ankagwira anthu m'maofesi chifukwa cha makina a fakisi ndi a fotokope. Nyuzipepala zina zinkachita kusindikizidwa ku Zambia n'kulowa mozemba. Pofika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene nyali inagonjetsa tambala wakuda, m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe munali mutadzaza nyuzipepala zatsopano, ndipo mwezi wotsatira The Nation nayo inabadwa.

Kodi anthu opanda chuma aja anakwanitsa bwanji kuyambitsa nyuzipepala? Kulimba mtima kunalipo, koma panalinso chida. Kuyambira mu 1985, pamene kampani ya Aldus inatulutsa pulogalamu ya PageMaker, ntchito yosanja masamba, imene kale inkafuna nyumba yodzaza ndi makina, inayamba kutheka pa kompyuta imodzi ndi purintala imodzi. Munthu ankagula pulogalamuyo kamodzi, n'kuisunga m'kabati ngati mmene mlimi amasungira khasu. Kuti akulande chida chako, wapolisi ankayenera kubwera yekha, kuthyola chitseko ndi kunyamula kompyuta anthu akuona.

Lero zinthu zinatembenuka popanda wothyola chitseko. Kampani ya Adobe inagula Aldus mu 1994, ndipo mu 1999 inatulutsa InDesign, imene inadzalowa m'malo mwa PageMaker. Mu Meyi 2013 kampaniyi inalengeza kuti mapulogalamu ake atsopano, monga InDesign, Photoshop ndi Illustrator, sadzagulitsidwanso kuti akhale ako. Azikhala a lendi, pa dongosolo lotchedwa Creative Cloud. Ukalipira ugwira ntchito, ukalephera pulogalamu imaleka kukutumikira. Makampani ena ambiri anaona kuti lendi ndi yokoma, nawonso anatsatira.

Kwa munthu wa ku London kapena ku New York lendi imeneyi ndi ndalama ya tiyi. Kwa ife ndi nkhani ina, chifukwa imalipiridwa ndi madola pamene makasitomala athu amalipira ndi makwacha a mpunga ndi nsomba za ku Chiuta. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti wosindikiza wa kwa Chikweo anagona ali ndi lendi ina n'kudzuka ndi ina, pulogalamu ili yomweyo. Mu 2024 InDesign yokha inali pa madola oposa 20 pamwezi, kutanthauza ndalama zoposa K35,000 pa mtengo wa kubanki, ngati banki yakupatsa madolawo. Kodi ndi makadi a ukwati angati amene mnyamata angasindikize asanayambe kuganiza za inki, mapepala, lendi ya nyumba ndi ndiwo?

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mtengo. Ndi funso loti kiyi ali ndi ndani. Mu Okutobala 2019 Adobe inauza makasitomala ake onse a ku Venezuela kuti iwatsekera, potsatira lamulo la boma la America lolanga dzikolo. Pambuyo pake kampaniyo inapeza chilolezo ndipo sinatseke, koma kwa masabata angapo atolankhani ndi ojambula a dziko lonse, ngakhale amene ankatsutsa boma lawo, anakhala akudikira chigamulo chochokera ku Washington. Mu 2022 mitundu yambiri ya Pantone, imene osindikiza amagwiritsa ntchito pofuna kuti utoto utuluke ndendende, inachotsedwa m'mapulogalamu a Adobe, ndipo woifuna anayenera kulipira lendi yachiwiri. Ena atatsegula ntchito zawo zakale anapeza mitunduyo itasanduka yakuda. Tangoganizani chikasu cha chipani chitada bii usiku umodzi kuno ku Machinga, nkhani yake ingathere kwa amfumu! Ngakhale kwawo komweko madandaulo alipo, pakuti mu Juni 2024 boma la America linatengera Adobe kukhoti pa mlandu woti inkabisa chindapusa cha munthu wofuna kusiya lendi chaka chisanathe.

Sindikunena kuti mapulogalamu amenewa ndi oipa. Ndi abwino zedi, ndipo amene anawapanga ayenera kudya thukuta lawo. Nyuzipepala yaikulu yotuluka tsiku ndi tsiku, imene ili ndi otsatsa malonda, ikhoza kulipira ndipo ilipire. Sindikuyamikiranso njira imene ambiri timaidziwa koma sitiitchula, yoyika mapulogalamu akuba ochokera pa fulashi ya mnzako. Kumeneko ndi kuphwanya lamulo la umwini wa luso, ndipo mapulogalamu otere kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Mtolankhani amene amasunga mayina a omutsina khutu m'kompyuta yotere akuwaika anthu aja pangozi.

Njira yachitatu ilipo. Scribus ndi pulogalamu yosanjira masamba a nyuzipepala ndi mabuku, Inkscape ndi ya zizindikiro ndi zikwangwani, GIMP ndi ya zithunzi. Zonsezi ndi zaulere, sizifuna khadi la kubanki, sizifuna intaneti ukangoziyika, ndipo palibe kampani imene ingazitseke. Scribus imatha kutulutsa PDF ya mitundu inayi ya CMYK imene makina osindikizira amafuna. Ndi zoona kuti poyamba zimavuta kwa munthu wozolowera zina, ndipo pali zina zimene sizichita mwachangu. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Palinso Affinity, imene kampani ya Canva inagula mu 2024 n'kuipanga yaulere mu Okutobala 2025. Ndi chida champhamvu ndipo muchiyese, koma kumbukirani kuti chimafuna akaunti ya kampaniyo, ndipo wopereka mwaulere lero ndi yemweyo angasinthe maganizo mawa.

Choncho ndikupempha anzanga osindikiza, kuyambira kwa Chikweo, Ntaja, Liwonde mpaka Balaka, zinthu zochepa. Ntchito iliyonse mukamaliza, sungani PDF yake, ndipo mawu ndi zithunzi muziike padera pa fulashi, kuti pulogalamu ikakukanani musayambire kulemba. Musathamangire kusintha pulogalamu ntchito ili m'kati chifukwa choti kompyuta yakuuzani kuti kwatuluka yatsopano. Yatsopanoyo imadya bandulo, nthawi zina imakana kuyenda pa kompyuta yakale, ndipo fayilo yosungidwa m'menemo ikhoza kukana kutseguka kwa mnzanu amene sanasinthe. Musanatumize ntchito yaikulu, funsani mwini makina mtundu wa fayilo imene akufuna. Ndipo pa sabata patulani ngakhale maola awiri ophunzira chida chimene ndi chanu.

A TEVETA ndi masukulu onse ophunzitsa utolankhani ndi zojambula nawonso ndikuwapempha kuti aziphunzitsa luso lenilenilo, monga kusanja mizere, kusankha zilembo, kusiya malo odulira pepala ndi kusiyanitsa mitundu ya pa sikirini ndi ya papepala. Mwana wodziwa zimenezi agwira chida chilichonse. Mwana wongoloweza mabatani a kampani imodzi tamutulutsa m'sukulu ali kale ndi ngongole ya madola.

Gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko lino limatipatsa ufulu wofalitsa ndi kusindikiza. Ufulu umenewo anthu anaumangidwira, ena anaufera, ena anakalambira kunja chifukwa cha iwo. Koma lamulo silisanja tsamba. Tsiku limene tidzafunenso kutulutsa kalata yonga ya 1992, ndipo palibe amene angalumbire kuti tsiku limenelo silidzabweranso, tidzafuna chida chimene chidzatseguka ngakhale banki ilibe dola ndipo intaneti yazimitsidwa.

Khadi la ukwati lija tinalipanga kachiwiri kuyambira pachiyambi, pa Inkscape imene tinakoka ndi bandulo ya foni yanga. Zinatitengera mpaka usiku, ndipo maluwa a m'mbali sanatuluke okongola ngati oyamba aja. Koma dzina la mkwatibwi linalembedwa molondola, ankhoswe ananyamula makadi awo m'mawa mwake, ndipo mwezi uno mphwanga sanaimbire foni mnzake wa ku Liwonde.