Za Masewera a Makina, ndi Mipanda Itatu Imene Inagwa

Pali mau amene amveka kawirikawiri pakamwa pa atate ndi amai masiku ano, ndiwo akuti, "Mwana wanga ali m'nyumba, sayendayenda ndi ana oipa, mtima wanga uli m'malo." Anena cotero pamene mwanayo wabindikira kucipinda ndi foni m'manja, maso ali pagalasi, osamva ngakhale amuitane katatu. Mau amenewa ndiwatsutsa, ndipo umboni wanga ndiutenga m'mbiri ya America ndi Japan, maiko amene anayamba kulawa masewera a makina zaka zoposa 50 zapitazo. Makolo a kumeneko anaganiza monga tiganizira ife lero, ndipo kutiyenera kudziwa cimene anakolola tisanabzale mbeu yomweyo.

Ndiyambe ndafotokoza cinthuco, kuti amene sanacione asatsale m'mbuyo. Masewera awa acitika pa galasi lowala longa la wailesi ya kanema. Pagalasipo payenda tizithunzi, ndipo wosewera atiyendetsa ndi mabatani kapena kandodo. Makina ace anali a mitundu iwiri. Ena anali mabokosi atali ngati munthu woimirira, oikidwa m'malo omwera, m'masitolo, ndi m'nyumba zopatulidwira nchito yomweyo, zimene eni ace azicha arcade. Munthu ankaponya khobiri m'kaboo, nasewera kufikira atagonja. Ena anali timabokosi togula kamodzi ndi kupita nato kwanu, tolumikiza ku wailesi ya kanema ya banja. Caka ca 1972 cinali cacikuru kwa mitundu yonse iwiri. A Atari anaika sewero lao la Pong m'nyumba yomwera ku Sunnyvale, California, ndipo patapita masiku owerengeka bokosilo linaleka kugwira nchito. Allan Alcorn, amene analipanga, atalitsegula anapeza kuti latsamwa ndi makhobiri. Caka comweco a Magnavox anagulitsa Odyssey, nzeru ya Ralph Baer, ndiwo makina oyamba a m'nyumba.

M'zaka zoyambazo mphamvu inali ndi mabokosi a pagulu. Mu 1978 Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito anapanga Space Invaders, ndipo ku Japan kunatsegulidwa nyumba zathunthu zodzala ndi sewero limodzi lomweli, liri lonse lofuna 100 yen. Mu 1980 kunadza Pac-Man wa a Namco. Ku America mtengo unali masenti 25, ndipo ana ankaunjikana pamabokosiwo monga nyerere pa nzimbe. Pamenepo makolo ndi akuru a boma anakwiya. Mzinda wa Mesquite ku Texas unaletsa ana osafika zaka 17 kusewera popanda kholo, ndipo mlandu wace unafika ku bwalo lalikuru la dzikolo mu 1982. Mudzi wa Marshfield ku Massachusetts unaletsa mabokosi onse mu 1982, ndipo ciletso cimeneco cinakhala kufikira 2014. Ku Philippines mtsogoleri wa dziko, Ferdinand Marcos, anawaletsa mu 1981. Caka comweco ku Britain phungu George Foulkes anapempha nyumba ya malamulo kuti iwaikire malire, koma anagonja, pakuti okana anali 114 ndi obvomera 94.

Kodi makolo awa anadandaula popanda cifukwa? Iai, cifukwa cinalipo. Mwini bokosi sapindula ndi mwana wosewera nthawi yaitali pa khobiri limodzi. Cotero opanga ankakonza sewero kuti likule ukali msanga, wosewera agonje patapita mphindi zocepa, naponye lina. Pambuyo pace anaonjeza msampha wina: wogonja ankapatsidwa masekondi owerengeka kuti aponye khobiri ndi kupitirira pomwe anagwera, asanapeze mpata wakufunsa mtima wace. Ndalama za cakudya ca masana zinkathera momwemo, ena ankajomba sukulu, ndipo ena ankapisa dzanja m'thumba la amai ao. Munthu asayese kuti ndiri kuikira kumbuyo nyumba zimenezo.

Koma nthawi yomweyo makina a m'nyumba anali kukula. Mu 1977 a Atari anagulitsa makina ao a VCS pa madola 199, olandira timakaseti tosiyanasiyana, sewero liri lonse kakaseti kace. Ndipo mu 1980 Space Invaders analowa m'timakaseti timeneto. Mu 1983 malondawa anagwa ku America cifukwa ca kucuruka kwa masewera osakoma, kotero kuti a Atari anakwirira timakaseti tosagulidwa m'dzala la ku Alamogordo, New Mexico. Koma caka comweco a Nintendo ku Japan anaturutsa makina amene anawacha Family Computer, ndiko kunena kompyuta ya banja, ndipo mu 1985 anafika nao ku America. Dzina lokhalo linali lokoma m'makutu a makolo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyumba zambiri za arcade ku America zinali zitatsekedwa, ndipo ana anali kwao. Makolo anayesa kuti motowo wazima. Koma iwo anangoupala pabwalo, pamene unali ndi maso ambiri, naulowetsa m'nyumba ya udzu. Pakuti nyumba ya arcade, ndi zoipa zace zonse, inali ndi mipanda itatu, ndipo yonse itatu inagwa pamene sewero linalowa pakhomo.

Mpanda woyamba unali khobiri. Thumba la mwana ndi laling'ono. Makhobiri akatha, sewero latha, ndipo mwana abwerera kwao afune asafune. Koma makina a m'nyumba agulidwa kamodzi, ndipo wogulitsa afunika kukondweretsa wogula kuti ndalama zace zambirizo sizinapite pacabe. Cifukwa cace anayamba kupanga masewera atali, osatha tsiku limodzi. The Legend of Zelda, lotuluka ku Japan mu 1986 ndi ku America mu 1987, linkasunga malo amene wosewera analekera, kuti mawa ayambire pomwepo, ndi mkuja momwemo, kufikira masabata. Mu February 1988, tsiku limene Dragon Quest III linagulitsidwa ku Japan, ana ambiri anajomba sukulu kukaima pamzere wa kusitolo, ndipo apolisi anagwira ena a iwo. Taonani tsono, msonkho sunathe; unangosinthika. Kale mwana ankalipira makhobiri, amene atate akhoza kuwerenga ndi kuzindikira kuti asowa. Tsopano alipira maora, amene asowa mwakacetecete, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mpanda waciwiri unali citseko. Nyumba ya arcade inali kutali ndithu, yofuna kuyenda, ndipo inali ndi nthawi yotseka. Boma linkakhoza kuifikira: ku Japan lamulo la 1985 linaletsa nyumba izi kutsegula usiku wonse, niliika nthawi yakuti ana aturuke. Koma ndani adzaika lamulo pa cipinda cogona ca mwana wanu? Makina a m'nyumba sadziwa kuti kwada, satopa, sathamangitsa munthu. Ndipo mu 1989 a Nintendo anaturutsa Game Boy, kamakina kolowa m'thumba, kokhala ndi galasi lace. Kuyambira pamenepo sewero linkatsata mwana kunjira, kusukulu ndi kumphasa.

Mpanda wacitatu, umene ndiuyesa woposa inayo, unali maso a anthu. Ife tidziwa macitidwe a bawo pansi pa mtengo: osewera ndi awiri, koma openyerera ndi khumi, wonyenga adzudzulidwa pomwepo, wogonja anyamuka napatsa mnzace malo, ndipo mnyamata wocedwa pamenepo nthawi yolima akumbutsidwa ndi wamkuru ali yense wopita panjira, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'nyumba ya arcade munali kanthu kofanana ndi ici. Ofuna kusewera ankandanda makhobiri ao pabokosi kusonyeza amene atsate, ndipo ali yense ankadikira nthawi yace. Pa Asteroids, sewero la 1979, wopambana ankalemba zilembo zitatu za dzina lace kuti anzace aone. Pa Street Fighter II, la 1991, anthu awiri ankalimbana ataima phewa ndi phewa, ndipo wogonja ankaphunzira kumeza manyazi pamaso pa gulu. Mwini nyumba ankaona amene wabwera nthawi ya sukulu. Mnansi wopita pakhomo ankakhoza kukauza makolo. Zoipa za m'menemo zinadziwika msanga cifukwa zinali poyera, ndipo cifukwa cakuti zinadziwika, midzi inasonkhana nizitsutsa.

Yesani tsono ndi cimene cinacitika m'nyumba. Mu 1992 kunaturuka Mortal Kombat, sewero la nkhondo yamanja loonetsa mwazi ndi kuphana koopsa, ndipo mu 1993 analilowetsa m'makina a m'nyumba. A Nintendo anacotsamo mwaziwo. A Sega anaubisa, kotero kuti unkaoneka pokhapo munthu atadinda mabatani m'dongosolo lina lacinsinsi. Ndipo cinsinsico cinafala pakati pa ana, pamene makolo ambiri ogula kakasetiko sanacidziwe. Mu December 1993 aphungu Joseph Lieberman ndi Herb Kohl anaitana opanga masewera kudzayankha ku Washington, ndipo mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB, loika cizindikiro pa sewero liri lonse cosonyeza msinkhu woyenera. Cinthu cabwino ndithu. Koma cizindikiro ciribe maso, ndipo cithandiza banja lokhalo limene kholo liciwerenga.

Wina adzati, "Aphunzitsi, mwanenetsa. Kodi makina a m'nyumba sanapulumutse ana ku utsi wa fodya ndi ku mabwenzi oipa? Kodi abale sanasewere pamodzi mokondwa?" Ndibvomera, ndipo ndifunsa kuti zinatheka bwanji. Zinatheka m'mabanja amene wailesi ya kanema inali imodzi, yokhala m'cipinda cocezera. Atate akafuna kumva nkhani za dziko sewero linkaleka, amai popita ndi mbale ankaona ciri pagalasi, ndipo mkuru ndi mng'ono wace ankalandirana. M'nyumba zotere makolo eni ace anasanduka khobiri, citseko ndi maso. Cokoma cimene mucichulaco cinacokera kwa iwo, ndipo pamene makina anasamukira kucipinda ca mwana, cokomaco sicinasamuke nao. Sewero pa lokha siliri cimo, monga bawo ndi mpira siziri cimo. Mwana ayenera kusewera, ndipo ena a masewera awa anola nzeru. Mlandu wanga uli pa kholo loyesa kuti makoma a nyumba adzalera mwana m'malo mwace.

Maiko amene anagwetsa mipanda anabvutika pambuyo pace kuimanganso. South Korea mu 2011 inaletsa ana osafika zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku kufikira 6 koloko mamawa. Koma lamulolo silinakhudze mafoni, ndipo linacotsedwa mu 2021. Caka comweco ca 2021 boma la China linalamula kuti osafika zaka 18 asewere pa intaneti ora limodzi lokha pa Lacisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a chuti. Mu 2019 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linalemba m'kaundula wa matenda bvuto la munthu wolephera kudziletsa pa masewera awa kufikira nchito, maphunziro ndi cibale zionongeka. Ogwidwa nalo ndi ocepa mwa osewera onse. Koma kwa mai amene mwana wace ali mmodzi wa ocepawo, kucepako sikumtonthoza.

Tsono mitundu yonse iwiri yatifikira ife nthawi imodzi. M'misika ya m'matauni ndi pa malo a malonda muli timisasa m'mene anyamata alipira kuti asewere mpira pa PlayStation. Ndiyo arcade yathu. Ndipo foni yokhala ndi masewera yalowa m'midzi. Ndiyo makina a m'nyumba, opanda ngakhale cingwe cowamangira pa cipupa. Ndiona makolo akalipira mwana wopita kumsasa, namgulira foni kuti akhale pakhomo. Abale, ndiyo njira yomweyo imene anayenda a ku America. Kumbukirani ana a Eli wansembe: sanaonongekere ku dziko lakutali, koma pa khomo la nyumba ya Mulungu, pafupi ndi atate wao, amene anamva mbiri yao nalankhula mofatsa, osawaletsa.

Cifukwa cace mangani mipanda itatu ija ndi manja anu. Ikani muyeso wa nthawi, ndipo ukakwana sewero lithe, monga linkathera pakutha khobiri. Ikani citseko: foni igone kumene agona atate ndi amai, ndipo isagwiridwe nthawi ya cakudya, ya mapemphero, kapena nchito ya kusukulu ndi ya kumunda isanathe. Ikani maso: mwana asewere pakhonde pamene muli, ndipo mumfunse akuonetseni sewerolo ndi kukufotokozerani macitidwe ace, ngakhale muyese kuti mwakalamba. Ngati apita kumsasa, dziwani mwini wace, dziwani anzace, dziwani kumene acotsa ndalama. Ndipo akuru a mpingo asacite manyazi kulankhula za ici m'misonkhano ya makolo, pakuti banja limodzi likaletsa pamene mabanja khumi alekerera, mwana angosamukira kwa mnansi. M'mera mpoyamba, mwana wa zaka 8 alandira malire amene wa zaka 16 adzawakana.