Mowa Ukatchedwa "Ambuye Ntengeni", Choseketsa N'chiyani?

Kunja, zakumwa zosakaniza zimene amati cocktail zimatenga maina a malo kapena a anthu. Daiquiri ndi kamudzi ka migodi ku Cuba. Negroni ndi dzina la bwana wina wa ku Florence amene akuti mu 1919 anauza wogulitsa mowa kuti amuthirire gin m'malo mwa soda. Nafenso tilimo: m'mabala a ku Johannesburg ndi Harare muli Malawi Shandy, ya ginger ale, lemonade ndi timadontho ta bitters. Onsewa ndi maina onyadira.

Nanga kwathu kuno? Omwa okha anautcha mowa wawo "Ambuye Ntengeni". Palibe kampani inakhala pansi kuganiza dzina limeneli. Linachokera pakamwa pa munthu amene anamva m'mimba mukuyaka moto, maso akuchita chidima. Ndiye ife n'kumaseka! Mu Epulo 2024 mowawu unapha anthu angapo ku Blantyre, ndipo mpamene akuluakulu anadzidzimuka ngati dzinalo analimva tsiku lomwelo.

Anthu a ku Kasungu tisanamizane kuti izi n'za ku Blantyre. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama imayenda, ndipo ogulitsa zoledzeretsa amaidziwa nyengoyi kuposa alangizi. Tenanti wathirira nazale dzuwa likuswa mtengo, wapalira, wathyola fodya manja ali bii, wasoka, wapachika m'chigafa, wadinda mabelo. Walandira kangachepe kake. Madzulo wina akumuthirira madzi oyera mbee kuchokera m'chigubu kupita m'kabotolo kakale, kopanda pepala, kopanda chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Muli chiyani m'menemo? Wogulitsayo naye sadziwa.

Kachasu wa kale, amene dzina lake linabwera ndi Apwitikizi, sindikumuikira kumbuyo. Wapasula mabanja ambiri. Koma mayi wotcheza ankadziwika pamudzi, madeya ndi shuga wake zinkaoneka. Wa m'chigubuyu alibe mwini. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, malondawo anangosamukira m'timabotolo, ife n'kuomba m'manja kuti nkhondo yatha.

Akhonsolo ya Kasungu, apolisi ndi inu mafumu athu, simukusowa kafukufuku wodula. Pitani pa Santhe, pa Chatoloma, pa Nkhamenya tsiku la msika, mumve maina amene anyamata akuitanira mowa. Dzina lililonse lotchula imfa, manda kapena misala, tengani chigubucho mukachiyeze msika wa fodya usanatsegulidwe, ndipo mulondole amene akuchidzaza.