Mvukuto ulibe satifiketi

Abale, ndiloleni ndilalateko pang'ono. Inetu ndili ndi dipuloma yopachika pakhoma, koma tsiku lomwe khasu la mayi anga linathyoka msuka m'munda wa chinangwa ku Kande, pepala langalo linangondiyang'ana. Anatipulumutsa ndi bambo ena osula m'mbali mwa msewu wa M5, munthu woti sukulu analekera sitandade 4.

Ndinaswera pachipala pawo. Chitsulo chawo ndi masipuling'i a galimoto zakufa. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi anausiya kale; moto amaukoleza popukusa gudumu la njinga, nzeru yomwe anaionera kwa mnzawo wa ku Mpamba. Iwonso anamubwezera pomuonetsa kaviikidwe ka nkhwangwa yofiira m'madzi kuti ilimbe koma isathetheke. Panalibe alawansi, panalibe Fanta. Mnyamata wopukusa gudumu ankangopenya, ndipo kupenyako ndiye kalasi yake.

Tsono tamvani chomwe chimandiwawa. M'zaka za m'ma 2000 boma linagawa matiredo pampu kwa alimi. Mphira za m'kati zitaperepeseka, sipeya ukam'peza kuti? Mapampu ena anasanduka pogona nkhuku. Ena anawadzutsa ndi amisiri omwewa, podula mphira ku matayala akutha. Kodi alipo bwana amene anabwera ndi kope kudzafunsa kuti akuluakulu, munatani? Kubwera amabwera, inde, koma kudzaphunzitsa! Mwana wadzanadzanali, tayi pakhosi, chikhatho chosalala ngati cha khanda, n'kumauza mkulu wa zipsera za moto kagwiridwe ka nyundo. Zoona zimenezi?

Matendawa ndi akale. Aphoka a kumapiri a Rumphi ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu Dr Robert Laws asanafike n'komwe ku Bandawe mu 1881. Makasu a m'sitolo atabwera ng'anjo zija zinazima, ife ophunzira n'kuombera m'manja kuti chitukuko chafika. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imakamba zolemekeza luso lophunzirira pantchito. Mawu okoma. Afiketu pachipala, afike mpaka ku Usisya, ndipo wosula akhale kutsogolo, ife a matayi tikhale pansi ndi makope athu.

Bambo aja pano akutsokomola, maso ayamba kufooka. Mnyamata wa gudumu uja anandinong'oneza kuti ya basi ikangokwana, wapita ku Joni. Khasu la mayi likulimabe.