Hita ya gasi siisiyidwa yokha m'shedi

Nyumba zambiri kuno ku Britain zili ndi galaja kapena shedi kuseri, momwe amaikamo makina ochapira zovala, mpopi wothirira maluwa, pena chimbudzi chakale. Kutentha kwa m'nyumba yaikulu sikufika kumeneko. Kuzizira kukatsika pansi pa 0°C madzi amaundana, ndipo akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Paipi imang'ambika mwakachetechete, mwini nyumba n'kudzazindikira ayezi atasungunuka, madzi ali ponseponse. Mu Disembala 2022 zinatero. Kunazizira koopsa masiku ambiri, kenaka kunafunda mwadzidzidzi, mapaipi n'kuphulika m'madera ambiri mpaka mabanja ena kusowa madzi.

Pothawa zimenezi, abale athu ena amayatsa kahita ka gasi m'shedimo n'kupita kukagona kapena kuntchito ya usiku. Mtima wanga sukhala m'malo ndikamva zimenezi.

Tiyambe ndi gasi weniweniyo. Mahita onyamula m'manja ambiri amayendera butane, wa m'masilinda a buluu aja. Butane amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukayandikira 0°C, choncho moto umafooka kapena kuzima usiku womwewo umene ukufunika kwambiri. Propane, wa m'silinda yofiira, amapirira mpaka -42°C, koma silinda yake malo ake ndi panja. Komanso gasi akamayaka amatulutsa nthunzi, makoma n'kuyamba kunyowa, zitsulo kuchita dzimbiri.

Koma chondiopsa kwenikweni ndi carbon monoxide. Kumudzi timaudziwa mpweya umenewu ngakhale ambiri sitiutchula dzina. Ndi womwe uja umapha anthu amene alowetsa mbaula m'nyumba mu Juni n'kutseka mazenera. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kenaka tulo. Shedi yotsekedwa bwino kuti musalowe mphepo ndi yomwenso mpweya wabwino umathamo msanga, ndipo amene amayamba kulowamo m'mawa nthawi zambiri ndi mwana wotumidwa kukatenga zovala. Moto wabwino wa gasi umakhala wa buluu. Mukauona wachikasu, ukuvinavina, kapena mwaye uli pakhoma, zimitsani ndipo tsegulani chitseko. Ku England, kuyambira pa 1 Okotobala 2022, lamulo limakakamiza eni nyumba za lendi kuika alamu ya mpweya umenewu m'chipinda chilichonse chokhalamo chomwe muli chipangizo chokhazikika choyaka moto, kupatula chophikira cha gasi. Za kahita komwe mwagula nokha, alamuyo ndi udindo wanu.

Masiku ano kuli timakina toyeza kutentha tomwe timatumiza uthenga pafoni kudzera pa intaneti. N'tabwino, ndipo ine ndimati tichunidwe kuti tilire pa 5°C, madzi asanayambe kuundana. Kamakinako kaikeni pafupi ndi paipi, pansi, osati pafupi ndi hita pomwe kangakunamizeni. Komabe foni siiyatsa moto wozima, siisintha silinda yotha. Pamafunika munthu wokhala ndi kiyi, kaya mnansi kaya mnzanu wa kutchalitchi, woti akafike uthengawo ukalowa inu muli kutali.

Ngati hita ya gasi ikufunikadi, ikhale yokhazikika pakhoma, yotulutsira utsi panja, yoikidwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira amisiri a gasi kuno kuyambira 2009. Mufunseni khadi lake, si mwano.

Kwa ambiri a ife njira yabwino ilibe moto n'komwe. Kutani mapaipi ndi thovu lija logulitsidwa m'masitolo a zomangira. Ngati shediyo simuigwiritsa ntchito nyengo yozizira, tsekani mpopi wolowetsa madzi kumeneko, mutsegule wa m'shedimo mpaka madzi atheretu. Chitani zimenezi mu Novembala, ndipo aliyense m'nyumbamo, ndi ana omwe, adziwe pomwe pali mpopi waukulu wotsekera madzi.