Ntchito za Dzinja: Mau kwa Alimi a kwa Makanjira

Mvula ikagwa m'dziko la Makanjira palibe munthu amene alinda kuuzidwa kuti apite kukabzala. Aliyense alawira ndi mbeu zake, ndipo m'masiku owerengeka minda yonse, kuyambira m'mbali mwa nyanja kufikira m'tsinde mwa mapiri a Namizimu, yabzalidwa. Changu chimenechi tichiyamikira. Koma ife tiganiza kuti chimene chidzaza nkhokwe ndicho tintchito ta m'Januwale ndi m'Febuluwale timene ambiri atipeputsa: kupakiza, kupalira, kubandira, kufunafuna mbozi ndi kumanga mbuzi. Walira mvula walira matope, ndipo wabzala munda wadziitanira ntchito ya dzinja lonse.

Tiyambe ndi chimanga. Alangizi aphunzitsa kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo pa phando pakhale mbeu imodzi. Mlimi wotsata zimenezi akhala ndi mapesi pafupifupi 53,000 pa hekitala. Tsono phando limodzi mwa khumi alionse likalephera kumera, iye wataya mapesi oposa 5,000 asanapalire nkomwe. Chifukwa chake yendani m'munda chimanga chikangomera, ndipo pakizani msanga, pakuti chopakiza mochedwa chiphimbidwa ndi chinzake, sichibereka.

Kupalira koyamba kusapitirire milungu itatu. Dera lino ndi lotentha, udzu wake ukula usiku ndi usana, ndipo minda yambiri ya kufupi ndi nyanja ndi yamchenga, yosasunga chakudya cha mbeu. Munthu wothira feteleza m'munda wosapalira agulira kapinga ndi dawe chakudya ndi ndalama zake. Palirani poyamba, thirani wobereketsa patatha milungu itatu chimerere, ndipo mumkwirire kuti mvula ingamkokolole. Pobandira konzani pamene madzi adula mzere, mumangenso timigula todutsa m'makwawa kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Mukaona kaufiti mzuleni asanachite maluwa, chifukwa njere zake zigona m'nthaka zaka zambiri.

Kuyambira m'dzinja la 2016 mpaka 2017 tili ndi mdani amene makolo athu sanamdziwe, mbozi ija yobisala m'mtima mwa chimanga, imene inachititsa Boma kulengeza za ngozi m'maboma ambiri mu Disembala 2017. Mbozi imeneyi igonja ikali yaing'ono. Woyendera munda kawiri pa mlungu aona masamba obooka ndi ndowe zake zonga utuchi, naipha ndi manja kapena nafulumira kwa mlangizi. Wolinda kuti munda wonse ung'ambike ataya mankhwala pachabe.

Kwa inu olima fodya, makamaka cha kumtunda kwa Namwera, mau athu ndi omwewo. Dulani nsonga pa nthawi yake ndipo chotsani mphukira mlungu uliwonse, pakuti mphukira idya mphamvu imene ikadanenepetsa tsamba. Mukatha kuokera zulani nazale yonse. Nazale yosiyidwa isunga nsabwe zofalitsa kadukutu, ndipo nsabwezo sizidziwa malire a munda wanu ndi wa mnansi wanu. Pakhomo napo pali ntchito: kuyang'anira maungu, bonongwe ndi chinangwa cha kuseri kwa nyumba, kutsegula ngalande kuti madzi asafukule maziko, ndi kukwirira zithaphwi zoswera udzudzu.

Tsono tifike pa chimene chitidetsa nkhawa koposa, ndicho mitengo ya anthu onse. Dziko la Malawi linayamba kusunga tsiku lobzala mitengo m'chaka cha 1976, ndipo pambuyo pake tsikulo linasanduka nyengo yathunthu ya m'dzinja. Chaka ndi chaka mbande zibzalidwa pa masukulu, pa misika, pa mizikiti, pa matchalitchi ndi m'mbali mwa mitsinje. Akuluakulu alankhula, ana aimba, anthu aomba m'manja. Koma dzifunseni nokha: mwa mitengo imene munabzala pa sukulu ya kwanu zaka zitatu zapitazo, ndi ingati imene mwana angakhale pamthunzi pake lero? Mbande zambiri sizifa ndi dzuwa ai. Zimira m'udzu m'Febuluwale, zidyedwa ndi chiswe, ndipo zotsala zimalizidwa ndi mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola. Zifa chifukwa mwini wake ndi aliyense, ndipo aliyense ayesa kuti mnzake ndiye apalira.

Chikhalirecho ntchito ya mtengo umodzi siilemetsa. Upaliridwe mozungulira kutalika kwa phazi limodzi lalikulu, ukonzeredwe beseni losunga madzi, uphimbiridwe ndi udzu wouma koma wosakhudza tsinde kuti chiswe chingakwere, ndipo utchingidwe ndi minga kapena bango. Wakufa ulowedwe m'malo mvula ikali kugwa. Zimenezi mwana wa sukulu angathe kuzichita asanalowe m'kalasi.

Chifukwa chake ife tipempha a Gogo Chalo Makanjira pamodzi ndi mafumu ao, mashehe, abusa ndi aphunzitsi aakulu kuti mtengo uliwonse wa pabwalo upatsidwe mwini wodziwika ndi dzina. Wa pasukulu ukhale wa kalasi lakutilakuti, wa pamzikiti ukhale wa banja lakutilakuti, wa pamsika ukhale wa wamalonda amene adzakhala pamthunzi pake. Nkwabwino kubzala mbande 50 zokhala ndi eni, kusiyana ndi 500 za chisawawa. Ndipo musankhe mitengo yopirira kutentha kwa kunyanja, monga nimu, mango ndi chammwamba. M'minda sungani nsangu yomera yokha, imene iyoyola masamba m'dzinja, nidyetsa nthaka osaphimba chimanga.

Tidziwa chimene ena adzatiyankha. Adzati miyezi yopalira ndiyo miyezi ya njala, pamene bambo apita kunyanja kukasaka usipa, mayi apita kuganyu m'munda wa eni, ndipo mnyamata wa mphamvu ali ku Joni. Mau amenewa ndi oona, sitiwanyoza. Koma ganyu wa lero wolipidwa ufa wa tsiku limodzi, akasiyitsa munda wanu m'thengo, abala njala ya chaka chamawa. Ngati manja achepa, limani munda waung'ono umene mungathe kuupalira kawiri, yambani ndime yanu m'mamawa musanapite kwa eni, ndipo limizanani ndi anansi anu, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Ali ku Joni atumize ndalama ya olima m'Januwale, osalinda nthawi yogula chimanga chodula.

Sitikupempha kuti chikakamizo chibwerere. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkalipitsa ndi kumanga anthu chifukwa cha malamulo a malimidwe, ndipo chimene linakolola ndicho udani pa mizere yomwe imene lero mlimi aliyense aiunga mwa kufuna kwake. Ntchito ya pamudzi ikhalitsa pamene eni mudzi apangana okha pabwalo la mfumu.

Anthu a kwa Makanjira adziwa kuti mitsinje ikadzala mseu wa ku Mangochi wakhala ukuduka kawirikawiri, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madera ambiri a kum'mwera anasowa kolowera thandizo. Dera lotere liyenera kudzisungira chakudya chake, ndi mitengo yogwira magombe a mitsinje yake. Zengerezu adalinda kwaukwau. Nolani makasu, yenderani minda yanu mlungu uno, ndipo Lachisanu kapena Lamulungu likudzali, potuluka m'mapemphero, muwerenge mbande zili pabwalo ndi kugawana maina.