Musatitsekere Kiyibodi Chifukwa cha Kulira Kumodzi

Amene mudali m'holo Loweruka lija la zisangalalo mukukumbukira bwino. Mnzathu wa Folomu 3 atangoyamba kulakatula ndakatulo yolira agogo ake, sipika idakuwa kuti "tswiii!" mpaka ana a Folomu 1 adatseka makutu. Amene adali pa kiyibodi ndine. Chichokereni tsikulo kiyibodi imatsekeredwa ku sakristiya, imatuluka pa nthawi ya Misa pokha. Ndikupepesa kwa nonse, komabe ndikuona kuti chilangochi chapitirira muyeso.

Ndiyambe ndafotokoza chimene tinkayesa. Mawu akatuluka m'sipika n'kulowanso m'mayikolofoni, makina amawakuza, amatulukanso, amalowanso, kuzungulira chomwecho mpaka asanduke mkuwo uja. Pachingerezi amati feedback. Ambiri timangoidziwa ngati mdani wa ulaliki. Koma mukatsitsa voliyumu n'kumaikweza pang'onopang'ono, mayikolofoni ali patali ndi sipika, pamakhala malire ena pamene mawuwo sakuwa ayi, amangolirima chapansipansi ngati mvula ikamadza kuseri kwa phiri. Ine ndinkagwira kiyi imodzi yokha, mawu ake n'kumazungulira m'holomo, mnzangayo n'kumalankhula pamwamba pake. Poyeserera Lachitatu zidatheka, moti mnyamata wina amene ankasesa adaima ndi tsache lake m'manja mpaka ndakatulo idatha. Loweruka mlakatuli wathu, chifukwa cha mantha, adasendera kufupi ndi sipika, ine n'kuchedwa kutsitsa. Nkhani yonse ndi imeneyi.

Ena akuti tinkangochita chibwana. Iai, zimenezi sitidayambe ndife. Mu 1964 gulu la The Beatles lidaika feedback mwadala poyambira nyimbo yawo ya I Feel Fine. Mayi wina wa ku France, Éliane Radigue, adayamba ndi kupanga nyimbo ndi feedback ya mayikolofoni ndi matepi, kenaka adatenga synthesizer yotchedwa ARP 2500. Mu 1983 adatulutsa Songs of Milarepa, m'mene anthu akungolankhula, kumbuyo kwawo kukumveka kulirima kosadukiza. Ngakhale kwathu kuno, oimba valimba a ku Chigwa cha Shire amamata kanthu kopyapyala pa bowo la chikho chilichonse kuti mawu azinjenjemera. Mlendo angayese chikho chasweka, chonsecho mwini wake akufuna zomwezo.

Madandaulo a akuluakulu athu ndikuwamvetsa. Mkuwo wotere ungathe kuwotcha sipika, ndipo ndalama zogulira ina ndi za akhristu amene amapereka movutikira kuti ife tiphunzire. Ungathenso kupweteka makutu. Sindikupemphanso kuti tilowe nazo m'tchalitchi. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chonena za Liturjiya, cha mu 1963, chimalemekeza kwambiri organ ya mapaipi, ndipo zoimbira zina chimati zilowe pokhapokha akuluakulu a Mpingo atavomereza. Zimenezo ndi za maepiskopi, osati za mwana wa Folomu 2. Ine ndikunena za m'holo.

Taganizani, abale anga. Amene Mulungu adzatilole kufika pa guwa tidzagwira mayikolofoni moyo wathu wonse. Ndi kangati ku maparishi kwathu taona wansembe atasokonezeka pakati pa Mthenga Wabwino, otumikira akuthamangira ku ampulifaya osadziwa pogwira? Kodi kutsekera kiyibodi kudzatiphunzitsa pogwira? Ndiponso amene wayesapo kuika phokoso pansi pa ndakatulo amaphunzira msanga kumvetsera mnzake, chifukwa akangodzikweza pang'ono mawu a mlakatuli amamira.

Pempho langa kwa Bambo Rector ndi ili: mutipatse ola limodzi pa sabata, tikaweruka ku ntchito zamanja, ndi kasipika kakang'ono kakale kaja, mphunzitsi wa sayansi ali pomwepo. Voliyumu tiike chizindikiro ndi choko pamene sitiyenera kupitirira. Mnzanga uja adalekera pa ndime yachiwiri, ndipo pepala la ndakatuloyo akadali nalo m'buku lake la mapemphero.